Mabokosi anayi pa bolodi: mmene timaphunzitsira zitukuko zakale ku sekondale

Mutu wa zitukuko zakale za ku Asia ndi za m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean umabwera m'makalasi oyambirira a sekondale. Kwa ophunzira ambiri ndi nthawi yoyamba kumva mbiri ya anthu akutali ndi kwawo. Amene wayang'anapo m'makope awo akudziwa mmene phunziroli limaonekera. Mphunzitsi amajambula mizere pa bolodi n'kupanga mabokosi: Egypt, Mesopotamia, Greece, Rome. Pansi pa dzina lililonse pamabwera malo, chuma, magulu a anthu, chipembedzo, ndipo kumapeto zimene anthuwo anatisiyira. Ophunzira amakopera, amaloweza, n'kukazibweza pa mayeso.

Tchati yotereyi ili ndi chifukwa chake. Kalasi ikadzaza, mabuku akachepa, mphindi 45 zikamatha msanga, mabokosi amathandiza kuti aliyense apite kunyumba ndi kanthu m'kope. Choncho sindikudzudzula aphunzitsi. Chimene ndikutsutsa ndi chithunzi cha dziko lakale chimene tchatiyo imasiya m'mutu mwa mwana, chifukwa chithunzicho n'cholakwika, ndipo umboni wokonzera ulipo wosafuna ndalama.

Zimene tchati imabisa

Mizere ya mabokosi imasanduka makoma. Mwana amatuluka m'kalasi akuganiza kuti mtundu uliwonse unkakhala wokha pa mtsinje wake, ndi chinenero chake ndi milungu yake, mpaka unatha n'kulowedwa m'malo ndi wa m'bokosi lotsatira. Komanso dongosolo lake limaoneka ngati makwerero: kuyambira pa Nile, kudzera ku Athens, kukafika ku Rome, kenako ku Ulaya. India ndi China zikapezeka, zimapatsidwa ndime zochepa kumapeto. Chonsecho mizinda ya Harappa ndi Mohenjo-daro, m'chigwa cha Indus, inali kale ndi misewu yowongoka ndi ngalande za njerwa pakati pa 2600 ndi 1900 BC, Rome kusanaganizidwe n'komwe.

Bokosi lomaliza, la zimene anatisiyira, ndilo lovuta kwambiri. Limapereka mayankho popanda mafunso, ndipo ena mwa mayankhowo ndi operewera. Ophunzira ambiri amaloweza kuti Hammurabi, mfumu ya Babylon kuyambira cha m'ma 1792 mpaka 1750 BC, ndiye anayamba kulemba malamulo. Si zoona. Malamulo a Ur-Nammu, mfumu ya mzinda wa Ur, analembedwa zaka pafupifupi 300 m'mbuyo mwake. Amalowezanso kuti kwa Hammurabi wophulitsa mnzake diso nayenso ankachotsedwa diso. Izi zinkachitika ngati wovulalayo ndi mfulu ya udindo wapamwamba. Akakhala munthu wamba, wolakwayo ankangolipira siliva, ndipo akakhala kapolo, ankalipira theka la mtengo wa kapoloyo. Apa ndiye pali phunziro lenileni: lamulo lolembedwa likhoza kuteteza ena kuposa ena. Wophunzira wa zaka 13 kapena 14 ali nazo zonena pa nkhani yotere, koma tchati simupatsa mpata.

N'chimodzimodzi ndi demokalase ya ku Athens. M'kope mumangolembedwa kuti Agiriki anatisiyira ulamuliro wa anthu. Simulembedwa kuti amayi, akapolo ndi alendo okhazikika mumzindamo analibe mawu pabwalo, kapena kuti maudindo ambiri, kuphatikizapo khonsolo ya anthu 500, ankaperekedwa mwa maere. Mwana amene wauzidwa izi amayamba kufunsa ngati ndi demokalase yomwe amaimva pa wailesi. Amene sanauzidwe amangonyamula liwu lopanda kanthu m'kati.

Pa zonsezi palibe pamene wophunzira amafunsidwa kuti: ifeyo tikudziwa bwanji?

Miyala itatu

Pali miyala itatu yolembedwa imene ingathe kugwetsa makoma a tchati pa sabata imodzi. Yonse inalembedwa m'zinenero zoposa chimodzi, ndipo pa uliwonse mwana angafunsidwe funso losavuta: mwala uwu tiuike m'bokosi liti?

Woyamba ndi mwala wa Rosetta, umene asilikali a ku France anaupeza mu 1799 pafupi ndi tawuni ya Rashid ku Egypt, ndipo tsopano uli ku British Museum ku London. Pamwalapo pali chigamulo cha ansembe amene anasonkhana ku Memphis mu 196 BC kulemekeza mfumu yachichepere Ptolemy V. Uthengawo ndi umodzi koma unalembedwa katatu: m'zilembo zopatulika za zithunzi, m'zilembo za tsiku ndi tsiku za anthu a ku Egypt, ndi m'Chigiriki. Mabuku amautchula mwalawu pofotokoza kuti unathandiza Jean-François Champollion kumasulira zilembo za zithunzi mu 1822, n'kuthera pomwepo. Funso losiyidwa ndilo lokoma: Chigiriki chikufuna chiyani pa mwala wa farao? Yankho ndi lakuti kuchokera pamene Alexander analanda Egypt mu 332 BC, olamulira dzikolo anali ochokera ku Macedonia, olankhula Chigiriki. Banja la Ptolemy linalamulira zaka pafupifupi 300, ndipo wolemba mbiri Plutarch amanena kuti mafumu a banjali sankavutika kuphunzira chinenero cha anthu awo kufikira pa Cleopatra, amene anamwalira mu 30 BC. Ndiye mwalawu ndi wa bokosi la Egypt kapena la Greece?

Wachiwiri ndi thanthwe la Behistun, kumadzulo kwa Iran. Cha m'ma 520 BC mfumu Darius I ya ku Persia inalembetsa pamenepo mbiri ya mmene inalowera ufumu, m'Chiperisiya chakale, m'Chielamu ndi m'Chibabulo. Zolembazo zili pamwamba kwambiri moti wodutsa mumsewu sangaziwerenge. Chimene angaone ndi chithunzi: Darius ataponda munthu wogona pansi, ndipo kutsogolo kwake kuli mzere wa mafumu ogalukira, omangidwa makosi ndi chingwe. Uthenga wake unatumizidwa m'zigawo za ufumuwo, ndipo zidutswa zake za m'Chiaramu zinapezeka pa gumbwa pa chilumba cha Elephantine, mu mtsinje wa Nile. Darius akuti munthu wopondedwayo anali wonyenga dzina lake Gaumata, amene ankadzitcha mwana wa mfumu Cyrus. Akatswiri ambiri a mbiri amakayika: mwina amene anaphedwayo anali mwana weniweni wa Cyrus, ndipo wolanda ufumu anali Darius yemweyo. Palibe mwana wa kumudzi amene sadziwa kuti pabwalo la nyakwawa mlandu saugamula atamva mbali imodzi. Nzeru imeneyo ndiyo chida choyamba cha wolemba mbiri, ndipo Behistun ndi malo abwino ochiyeserapo.

Wachitatu unapezeka mu 1958 pafupi ndi Kandahar ku Afghanistan. Ndi uthenga wa Ashoka, mfumu ya ufumu wa Maurya ku India, wolembedwa cha m'ma 260 BC. Ukulimbikitsa anthu kusapha zamoyo ndi kumvera makolo ndi akuluakulu. Likulu la Ashoka linali Pataliputra, kumene lero kuli Patna, koma uthengawu uli m'Chigiriki ndi m'Chiaramu. Kuderalo kunali Agiriki amene anakhazikika Alexander atadutsa, ndipo Chiaramu chinali chinenero cha maofesi kuyambira m'nthawi ya ufumu wa Persia. Pa miyala ina Ashoka amatchula mayina a mafumu asanu a Chigiriki, ndipo mmodzi wa iwo ndi Ptolemy II, kholo la mfumu ya pa mwala wa Rosetta. Amavomerezanso kuti pa nkhondo yake ya ku Kalinga anthu 100,000 anaphedwa ndipo 150,000 anatengedwa kwawo, nanena kuti zinamumvetsa chisoni. Kuika mawu a Darius ndi a Ashoka pambali pa mnzake ndi phunziro lathunthu: mfumu ina ikudzitama ndi nkhondo, ina ikudandaula nayo, koma onse awiri akulemba pa mwala kuti anthu awakumbukire mmene iwo akufunira.

China imalowa bwino pa mfundo yomweyi. Qin Shi Huang atagwirizanitsa maufumu a China mu 221 BC analamula kuti m'dziko lonse mukhale kalembedwe kamodzi, miyeso imodzi ndi ndalama imodzi. Darius analemba m'zinenero zitatu, Qin anasankha kalembedwe kamodzi. Ophunzira angakambirane phindu ndi mtengo wa njira iliyonse polamulira mitundu yambiri. Ndipo China sinali yotsekeka: silika wake ankafika ku Rome kudzera m'manja mwa amalonda ambiri, wolemba wa Chiroma Pliny ankadandaula za chuma chimene chinkathera ku India, China ndi Arabia, ndipo mu 97 AD kazembe Gan Ying anatumidwa kukafuna ufumu wa Aroma, ngakhale anabwerera panjira.

Zimene ophunzira akudziwa kale

Mutuwu timauyamba ngati kuti ophunzira alibe pogwira. Koma mwana wa ku Angónia kapena wa m'mbali mwa nyanja ku Niassa, amene kunyumba amalankhula Chinyanja ndipo kusukulu amalemba Chipwitikizi, safunika kufotokozeredwa kwa nthawi yaitali chifukwa chimene uthenga wa boma ungalembedwere m'zinenero ziwiri. Amadziwa kuti chinenero cha ofesi chimasiyana ndi cha pakhomo, ndiponso kuti womasulira amakhala ndi mphamvu. Anzake a zaka pafupifupi 3,700 zapitazo anali m'njira yomweyo. Mumzinda wa Nippur ku Mesopotamia, ofukula zakale anapeza m'nyumba imodzi mapale adothi oposa 1,000 a ana ophunzira ulembi. Ankaloweza mindandanda ya mawu ndi miyambi ya Chisumeri, pa nthawi imene chinenero cha m'misewu chinali Chiakadi. Palinso chidindo cha munthu wotchedwa Shu-ilishu, chimene chimamutcha womasulira chinenero cha ku Meluhha, dzina limene akatswiri ambiri amati linkatanthauza dera la Indus. Zinthu ngati izi zimamuuza wophunzira kuti anthu akalewo anali anthu, okhala ndi mavuto amene iye amawazindikira.

Ngakhale zilembo za m'kope lake ndi umboni. Afoinike a m'mphepete mwa nyanja, kumene lero kuli Lebanon, anali ndi zilembo 22 zopanda mavawelo. Choyamba chinali ndi dzina lotanthauza ng'ombe, ndipo chinachokera ku chithunzi cha mutu wa ng'ombe. Cha m'zaka za m'ma 700 BC Agiriki anali atatenga kale zilembozi, nasandutsa zina kukhala mavawelo. Aetrusika a ku Italy anatenga kwa Agiriki, Aroma kwa Aetrusika. Uzani mwana alembe chilembo choyamba cha liwu loti Amayi, atembenuze kope chadodolido, aone nyanga. Chilembo chimodzicho chadutsa m'mabokosi angapo a tchati chisanafike pa desiki pake.

Nanga mayeso?

Mphunzitsi aliyense adzafunsa zimenezi, ndipo akunena zoona. Ngati mayeso akufuna mayina, zaka ndi magulu a anthu, kalasi imene yathera nthawi pa zokambirana ikhoza kuvutika. Yankho langa ndi lakuti tchati isatayidwe koma ibwere kumapeto, ndipo aidzaze ndi ophunzira eni ake. Amene watsutsana ndi mnzake za bokosi la mwala wa Rosetta saiwala kuti Ptolemy anali ndani. Koma yankho limeneli silikwanira lokha. Okonza mayeso akapitiriza kufunsa zoloweza zokhazokha, aphunzitsi adzapitiriza kulowezetsa. Funso limodzi pa pepala, lopereka ndime yaifupi ya umboni wakale n'kufunsa kuti anailemba ndani, kwa yani ndi chifukwa chiyani, lingasinthe zochitika m'makalasi kuposa misonkhano yambiri ya aphunzitsi.

Pakadali pano pali zotheka ndi choko basi. Miyala itatuyi ingajambulidwe pa bolodi ngati mabwalo ogawidwa mizere, mzere uliwonse ndi dzina la chinenero chake. Mapu amodzi oyambira ku Rome mpaka ku China, ojambulidwa pa thumba la simenti kapena pa katoni, amaposa mapu anayi osiyana chifukwa amaonetsa misewu ya pakati. Ndipo vuto la zaka zowerengedwa chobwerera, limene limasokoneza ambiri, limatha ndi chingwe cha mamita 10: mita iliyonse ndi zaka 500, kuyambira 3000 BC mpaka lero. Ophunzira akamangirira tinsalu pa chingwecho amadzionera okha kuti Cleopatra ali pafupi ndi ife kuposa mmene aliri ndi piramidi yaikulu ya ku Giza, yomangidwa cha m'ma 2560 BC. Amaonanso kuti Ashoka, Qin Shi Huang ndi mwala wa Rosetta zikupanikizana pa kachigawo kosakwana dzanja limodzi lotambasula.

Kukambirana kwa m'magulu kungachitike m'chinenero chimene ana amatsutsirana momasuka, zolemba n'kudzabwera m'Chipwitikizi. Aphunzitsi amene ayesa njirayi, kapena amene aona pamene ikulephera, atilembere kuti tidzaikemo m'kalata yotsatira. Chofunika kwambiri kudziwa ndi mayankho amene ana apereka atafunsidwa kuti mwala wa ku Kandahar auike m'bokosi liti.