Za Kuduladula Mau Atali a Chingerezi

Tsiku lina ndinaima pa zenera la sukulu ina kufupi ndi kwathu kuno ku Magaleta, ndipo ndinamva ana alikuwerenga mau a pa bolodi, naomba m'manja pa phatikizo lirilonse: ve-ge-ta-ble, Wed-nes-day. Mphunzitsi anakondwera, anawo nakondweranso. Koma ine ndinachokapo wosakondwa, pakuti Mngerezi potchula vegetable amveketsa maphatikizo atatu okha, ndi potchula Wednesday awiri.

Njira iyi yowomba m'manja sindiinyoza. Pa chinenero chathu iri yabwino ndithu, pakuti ife timatchula zonse zimene talemba, ndipo maphatikizo athu amatha ndi a, e, i, o kapena u. Ndiponso timatalikitsa phatikizo lotsatana ndi lomariza: pa Magaleta lirime lichedwa pa le, pa Matandani lichedwa pa nda. Makolo athu polandira mau achilendo anawaveka chobvala chomwechi. School, liu la phatikizo limodzi, linasanduka sukulu. Bread anakhala buledi. Blantyre ndiye Bulantaya. Pamenepo palibe cholakwa, pakuti mauwo ali athu tsopano.

Cholakwa ndicho kuyesa kuti Chingerezi chomwe chimvera lamulo lathu. Mngerezi amasankha phatikizo limodzi nalikankha ndi mphamvu, ndipo ena amawapeputsa kapena kuwameza. Ndiponso mphamvuyo imasamuka. Pa photograph iri pa pho, pa photography yafika pa to, pa photographic yakhala pa gra. Mwana wozolowera kuwomba m'manja mofanana sangamve kusamukaku. Tsono wogulitsa mbatata ya kachewere akalephera kusiyanitsa thirteen ndi thirty, kodi 13,000 ndi 30,000 kwacha ndi ndalama imodzi?

Nkhaniyi yakula masiku ano, chifukwa Lamulo la Maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chinenero chophunzitsiramo, ndipo wolephera Chingerezi salandira setifiketi ya MSCE, angakhale atapambana zina.

Chimene ndikadakonda aphunzitsi anzanga achite ndi ichi: asayambe ndi kuwerenga malembo, koma ayambe afuna tsinde la liu. Ife ndife akatswiri a ntchito imeneyi, ngakhale sitidziwa. Mwana wa zaka zisanu amanena sindidzakuonaninso osapunthwa, pakuti khutu lake lidziwa kuti tsinde ndi ona, ndipo zina zonse ndi zophatika kumutu ndi kumchira. Momwemo unforgivable asamuopse. Tsinde ndi forgive, kukhululukira. Un agwira ntchito ya sa wathu, able ndiye ika wathu. Liu lonse ndi chosakhululukika. Ndinayesa ichi ndi ana anga a Sitandade 7, ndipo mtsikana wina anafunsa ngati unbreakable ndi chosasweka, ine ndisanamuuze.

Mchira wa liu umasonyezanso pamene mphamvu igwera. Mau otha ndi tion, monga education, examination ndi congregation, alemera pa phatikizo lotsatana ndi lomariza, monga mwa mwambo wathu womwe, amenewo satibvuta. Obvuta ndi otha ndi ity, monga responsibility, amene mphamvu yake ibwerera m'mbuyo kufikira pa bi, ndipo lirime la Mchewa lifuna kuikokera pa li. Ine ndemwe, ndi imvi zangazi, ndimadzigwira ndikuchita chomwecho ndikawerenga mofulumira.