Nyimbo yopanda mwini itagwidwa m'chimbale

Mu 1937, Alan Lomax, amene ankayendayenda m'midzi ya ku America kujambula nyimbo za makolo, anafika ku Middlesboro m'chigawo cha Kentucky. Kumeneko mtsikana wa zaka 16, Georgia Turner, mwana wa bambo wogwira ntchito mumgodi, anamuimbira nyimbo imene lero timaitcha "House of the Rising Sun". Ndi dandaulo la mkazi amene moyo wake wathera m'nyumba ina ya ku New Orleans. Nyimboyi inali yakale kale nthawi imeneyo: Clarence Ashley anali ataijambula mu 1933, ndipo ankati anaiphunzira kwa agogo ake.

Kuchokera apo inadutsa m'kamwa mwa ambiri. Woody Guthrie anaiimba, Lead Belly anaiimba, Joan Baez ndi Nina Simone chimodzimodzi. Naye Miriam Makeba anaiika m'chimbale chake cha mu 1960, atangofika kumene ku America. Aliyense ankaiumba mogwirizana ndi pakhosi pake, monga amachitira amayi pamtondo, nyimbo imodzi koma mudzi uliwonse ndi kapotozedwe kake.

Zinthu zinasintha mu Meyi 1964. Anyamata asanu a ku Newcastle, gulu la The Animals, analowa mu situdiyo ku London ali pakati pa ulendo woimba limodzi ndi Chuck Berry, ndipo anaijambula kamodzi kokha osabwereza. Luso lawo ndimaligwadira. Hilton Valentine sakhwacha nsambo za gitala pamodzi. Amazitola imodziimodzi, kukwera kenako kutsika, ndipo kugunda kwake kumayenda patatupatatu ngati munthu woledzera amene akuyesetsa kuyenda mowongoka. Woimba asanatsegule n'komwe pakamwa, mtima wadziwa kale kuti nkhaniyi sithera pabwino. Woimbayo, Eric Burdon, amayambira pansi, mawu ali m'chifuwa, kenako mwadzidzidzi amawaponya m'mwamba ngati walasidwa. Limba la Alan Price limayamba mobisala kumbuyo, n'kumakula pang'onopang'ono mpaka kumeza zonse, kenako n'kuzilala. Nyimbo ya mphindi zinayi ndi theka, yotalika kwambiri kwa mawailesi a nthawiyo, inakhala nambala wani ku Britain mu Julaye, ndipo ku America mu Seputembala.

Komabe pali chimene chinatayika, ndipo chimandipweteka. The Animals anachotsa mkazi uja n'kuikapo mnyamata. Mkazi akamaimba, nyumbayo ndi malo amene thupi lake linagulitsidwa, ndipo chenjezo lake ndi la munthu amene alibenso kothawira. Mnyamata akamaimba, imasanduka nkhani ya njuga ndi mowa, tsoka limene omvera angathe kuvinira.

Kutchukako kunaumitsanso nyimboyi. Dave Van Ronk, woimba wa ku New York, ndiye anakonza kayendedwe ka makodi kamene Bob Dylan anatenga n'kuika m'chimbale chake choyamba mu 1962. Van Ronk anasiya kuiimba chifukwa anthu ankati akubera Dylan, ndipo anasimba yekha kuti Dylan nayenso anadzaisiya poti anthu ankati akubera The Animals. Ngakhale ndalama zinatsata njira yomweyo: pachimbale cha The Animals panalembedwa dzina la Alan Price yekha monga wokonza, ndipo anzake anayi sanadyepo pa gawo limenelo. Gulu la Frijid Pink linaifikitsanso pa nyimbo khumi zapamwamba mu 1970, koma linangowonjezera phokoso pa nyumba yomangidwa kale. Lero mwana wophunzira gitala amaloweza zala za Valentine, osadziwa kuti nyimboyi ingayende mwanjira ina.

N'chifukwa chake ndimalemekeza Dolly Parton. Mu 1980 anaijambula n'kubwezeretsa mkazi uja pamalo pake, ndipo sanabise ntchito imene mkaziyo ankagwira m'nyumbamo.