Mlambe wa m'Chigubu

Makande a m'chigwa cha Luangwa akamwa madzi amamata, akauma amang'aluka mpaka dzanja kulowa, ndipo muzu wanthete umadukira pomwepo. N'chifukwa chake okonda kulera maluwa ndi timitengo pakhomo m'boma la Mambwe, kaya ku Mfuwe, ku Masumba kapena kwa Jumbe, amayamba ndi kupanga dothi lawolawo. Amakatapa mchenga mtsinje wa Lupande ukaphwa, amakokola dothi lakuda la patsinde pa nsangu pomwe masamba aolerana, n'kuthirako manyowa a mbuzi ophwanyika bwino. Akasakaniza amatapa dzanja limodzi, amanyowetsa, amafinya. Likauma gwa ngati chibuma ndiye kuti mchenga wachepa. Likamwazika zala zisanatambasuke, wachuluka. Lofunika ndi logwirana pang'ono koma loyoyoka ukalikhudza ndi chala.

Mphika wake ndi chigubu cha mafuta ophikira chodula pakati, chobooledwa kunsi ndi msomali wotentha. Zigubuzo amazisanja pathandala kuthawa chiswe ndi mbuzi, pamwamba n'kuyalapo udzu wopyapyala, poti mu Okutobala kuno kutentha kumapitirira madigiri 40.

Luso lenileni lili pa kudzutsa njere. Njere ya mlambe ili ndi khungu lolimba moti ungaikwirire n'kuithirira miyezi, iyo ili chete. Kutchire amaifewetsa ndi njovu ndi anyani: amadya malambe, njere n'kudutsa m'mimba, n'kugwera pansi pamodzi ndi manyowa ake. Pakhomo ntchito imeneyo imagwiridwa ndi zala. Wolera amatsuka ufa wowawasa uja, amagwira njere pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, n'kumakhula msana wake pamwala. Amakhula, amayang'ana, amakhulanso. Kadontho koyera kakangosuzumira amaleka, chifukwa akapitirira wavulaza mwana ali m'kati. Amaiviika m'madzi usiku umodzi, m'mawa yatupa, n'kuikwirira kuya kwa mfundo imodzi ya chala. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri dothi limatukumuka.

Njere iliyonse ili ndi khalidwe lake, ndipo apa m'pamene ndimagomera anthuwa. Ya nsangu imafuna kukandidwa kapena kuviikidwa m'madzi otentha ophula pamoto, komanso chigubu chakuya, poti muzu wake umathamangira pansi tsinde lisanafike paliponse. Ya msikizi, yakuda yovala kachikopa kofiira, siisungika: uchotse chofiiracho, udzale lero lomwe. Ya tsanya ilibe makani, ungoitulutsa m'kakhoko kake. Ena savutika n'komwe. Mvula ikayamba amayendera ndowe za njovu zomwe zadutsa m'mudzi usiku, n'kunyamula timbande tomera pamenepo ndi dothi lake lomwe.

Koma kambande kamasamba awiri udziwa bwanji kuti n'kachiyani? Mlambe wanthete umapusitsa ambiri. Tsamba lake limakhala limodzi lokha, losagawikana, ndipo masamba a zala zisanu aja amabwera mtengo utasinkhuka, moti osadziwa amauzula poyesa thengo wamba. Wodziwa amafukula pang'ono patsinde ndi chala, akapeza muzu wotupa wosunga madzi amakwiriranso mwaulemu. Tsanya amalidziwa ndi mphuno: masamba ake awiri oyang'anizana ukawafikisa amanunkha utomoni, ndipo dzuwa likakula amapindana kuti asataye madzi. Nsangu imadziwika ndi minga yake iwiriiwiri, ndipo ikakula imachita zosiyana ndi inzake, kuyoyola masamba m'dzinja n'kubiriwira m'chilimwe.

Mlambe ukhoza kukhala m'chigubu zaka zambiri osatalika. Wolera amauzula nthawi ndi nthawi, amadula mizu yotalika, amatsina nsonga, thunthu n'kumanenepa. Ku Japan luso lolera mitengo ikuluikulu m'timiphika amalitcha bonsai. Chovuta ndi kuugwira mtima: masamba akayoyoka nthawi yozizira, kuthirira kulekeke. Wachifundo wothirira tsiku ndi tsiku amaoletsa muzu.

Maluwa obwera nawo alipo. Nthambi ya frangipani amaidula n'kuigoneka pamthunzi masiku angapo kuti mkaka wake uume, apo ayi imaola. Bougainvillea amadula nthambi yokhwima, ndipo ikagwira imachita maluwa ambiri ikamamanidwa madzi, choncho chigwa chino chimaiyanja.

Chotsala ndi malo odzalapo, ndipo kuno tili pakhomo pa South Luangwa National Park. Ku Mfuwe Lodge, matondo akapsa cha mu Novembala, njovu zimadutsa m'chipinda cholandirira alendo kupita ku mtengo wa mtondo umene uli m'kati mwa malowo. Inu amene mbande ya mtondo kapena ya mango yakula m'chigubu, kaidzaleni patali ndi nyumba yogona.