Nsanamira za Aroma pa Dziko Lathu

Anzathu atsogoleri a makalasi, ife kuno ku Matundo timaphunzitsa anthu kuwerenga zilembo. Koma nyumba nazo zimawerengeka. Lero tiyeni tiwerengeko imodzi, ya Conselho Municipal ku Maputo, imene ambirife tinaiona pa cithunzi.

Nyumbayi inamalizidwa mu 1947, pamene mzindawo unali Lourenço Marques. Kamangidwe kake Apwitikizi amati neoclássico, ndiko kubwerera ku luso la Agiriki ndi Aroma akale. Mwambowu unakula ku Ulaya anthu atayamba kufukula mizinda yokwiririka ya Herculaneum mu 1738 ndi Pompeii mu 1748. Amisiri omanga anatengerako nsanamira zowongoka ndi mbali ziwiri zofanana ndendende. Wojambula Jacques-Louis David, mu 1784, anajambula abale atatu a ku Roma akulumbira kufera mudzi wao. Oimba nawo anatero: mu 1920 Igor Stravinsky anabwerera ku maimbidwe akale mu Pulcinella.

Kukongola kwa nyumbayo sitikukana ai. Yaima mwaulemu, zonse zili m'malo mwake. Koma kodi inali kunena ciani? Patsogolo pake panaima fano la Mouzinho de Albuquerque ali pa kavalo, uja anagwira mfumu Ngungunhane mu 1895, ndipo pansi panalembedwa kuti pano ndi ku Portugal. Nsanamira zija zinali kuuza munthu wakuda kuti ulamuliro uwu ndi wakale ngati Roma, sudzatha. Eee, unatha ndithu! Fanolo linacotsedwa mu 1975, ndipo lero pabwalopo paima fano la Samora Machel.

Ndiye ife tikuti luso lake ndi lenileni, koma uthenga wake unali bodza. Cimodzi cokha tingatolepo: azungu aja analemekeza zakale zao mpaka kuzifukula pansi. Nanga ife zathu? Nyanga za Anyungwe zikali kulira, sizifuna khasu, zifuna makutu basi.

Tsono mukaoloka mlatho wa Zambezi ndi ophunzira anu, imani pa nyumba yakale iliyonse mu Tete. Afunseni: anaimanga ndani, anasenza miyala ndani, analipidwa kapena cinali cibalo? Akafunsenso kwa agogo, alembe mayankho m'makope mwao. Kuwerenga kumeneko ndiye kwenikweni.