Michira ndi Mizere pa Pepala la Kwaya

Loweruka lina madzulo, mwera ukukuntha pa nyanja, tidakhala pansi pa mtengo wa mango kufupi ndi Senga Bay kumvera kwaya ya mphakati ikuphunzira nyimbo yatsopano. Mnyamata wina adaabwera ndi mapepala osindikizidwa pa kompyuta, oyera ndi okongola ndithu. Koma mkulu wa kwaya, bambo wa imvi, adawayang'ana napukusa mutu, nati: "Mwanawe, manoti onsewa mwawamanga mtolo umodzi, nanga mawu tiwagawa bwanji?"

Funso limeneli lili ndi mbiri yake. Kale osindikiza nyimbo za mawu ku Ulaya ankapatsa phatikizo lililonse noti yakeyake yokhala ndi kamchira, ndipo ankalumikiza manoti ndi mzere wakuda pokhapokha ngati phatikizo limodzi likokedwa pa manoti angapo. Masiku ano mapulogalamu monga MuseScore ndi Sibelius amalumikiza manoti potsata kugunda kwa nyimbo, monga momwe Elaine Gould adalangizira m'buku lake la 2011 lotchedwa Behind Bars. Kukoka kwa phatikizo kumasonyezedwa ndi kamzere kokhota ngati uta.

Ife tiona kuti njira yatsopanoyi ndi yoyenera makwaya athu. Nyimbo zathu zimayenda ndi ng'oma, visekese ndi m'manja, ndipo woyimba akaona michira khumi ili mbwee, sadziwa pamene ng'oma igwere. Ndiponso solofa, imene ambiri a ife tidakula nayo, imagawa nyimbo potsata kugunda komweko, nkulemba mzere kunsi kwa manoti a phatikizo limodzi. Choncho njirayi si mlendo pakati pathu.

Komabe mkulu uja sadalakwe. Titaonetsetsa pepalalo, tidapeza kuti timauta tija padalibe, ndipo mawu akuti "mtima" adaawagawa pawiri. Kodi sitidziwa kuti "m" wa mu "mtima" ndi "mpingo" amaima payekha nafuna noti yake, pamene "mbu" wa mu "Ambuye" ndi phatikizo limodzi? Kompyuta sidziwa Chichewa. Imalandira chimene yapatsidwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nkhaniyi si yaing'ono. Msonkhano Wachiwiri wa Vatican, m'chikalata chake cha 1963 cha za mapemphero, udatsekula khomo kuti zilankhulo zathu zimveke pa Misa. Mawu akathyoka pakamwa pa kwaya, gogo wokhala kumbuyo kwa tchalitchi sangawatole, ndipo amangokhala chete pamene akadapemphera nafe.

Tsono tipempha ana athu odziwa makinawa: lumikizani manoti potsata ng'oma, ikani kauta paliponse pamene phatikizo likokedwa, ndipo musanasindikize, kawerengereni mawuwo mokweza akuluakulu a kwaya. Inunso makolo, mwana akabwera ndi pepala lotere kunyumba, muuzeni akuyimbireni. Mawu amene inu simuwamva, mpingo wonse sudzawamvanso Lamulungu.