Buku la WHO lothana ndi kuwola kwa mano a ana: zabwino zake ndi pomwe likuperewera

Mu 2019 bungwe la WHO lidatulutsa buku lotchedwa Ending Childhood Dental Caries, lofotokoza za kuwola kwa mano a ana osakwana zaka 6. Vutoli si laling'ono. Lipoti la bungweli la mu 2022 lidati ana pafupifupi 514 miliyoni padziko lonse ali ndi mano oyamba owola.

Chabwino kwambiri m'bukuli n'chakuti ntchito yopewa silidaisiyire madokotala a mano okha. Laiperekanso kwa anamwino ndi ogwira ntchito zaumoyo m'midzi, anthu amene amakumana ndi mwana msanga. Izi n'zoyenera ku Malawi, kumene maphunziro a udokotala wa mano adayamba mu 2019 ndipo madokotalawo akadali ochepa. Mwana amapita kusikelo mwezi ndi mwezi, koma kwa dokotala wa mano amafika tsaya litatupa kale, ndipo nthawi zambiri chotsala chimakhala kuzula dzinolo. Mlangizi wa zaumoyo atakweza mlomo wam'mwamba wa mwana pa tsiku la sikelo, atha kuona mawanga oyera ngati choko m'mphepete mwa usinini. Pamenepo dzino lisanabooke, ndipo kuwolako kungathe kuimitsidwa.

Bukuli lalondolanso pa nkhani ya shuga. Tizilombo ta m'kamwa timasandutsa shuga kukhala asidi wosungunula dzino, kotero kudya zotsekemera pafupipafupi ndiko kumawononga kwambiri: tiyi wa shuga m'mawa, switi panjira, firizesi masana. Kholo lonena kuti "amenewo agweruka okha" liyenera kumva kuti dzino loyamba limasungira malo dzino lachikulire, ndiponso kuti mwana womva dzino sadya kapena kugona bwino.

Pomwe bukuli likuperewera ndi pa mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride. Langizolo ndi loona, ndipo mu 2021 WHO idaika mankhwalawa pa mndandanda wa mankhwala ofunikira. Koma kuikidwa pa mndandanda sikutsitsa mtengo pa golosale. Mayi wosankha pakati pa sopo ndi kolugeti agula sopo, ndipo palibe angamunene.

Palinso nkhani ya madzi, imene buku lolembera mayiko onse silingaithetse. M'madera ena, monga ku Nathenje m'boma la Lilongwe, madzi a m'mijigo ina ali ndi fluoride wochuluka mpaka mano a ana amachita mawanga ofiirira. Kumeneko uthenga uyenera kutsindika kuchuluka kwa mankhwala pa mswachi: kangachepe ngati njere ya mpunga kwa mwana wosakwana zaka 3, ngati nsawawa kwa wa zaka 3 mpaka 6, wamkulu ali pomwepo kuonetsetsa kuti mwana walavula. Wogwira ntchito m'dera lotere ayeneranso kudziwa kusiyanitsa mawanga obwera ndi madzi ndi mawanga a kuwola asanatumize mwana kuchipatala.