Fisi wa m'Nthano ndi Fisi wa m'Thengo

M'midzi ya kwa Mlolo, kwa Zingalume ndi kwa Mwangala, m'boma la Chadiza, mwana amayamba kudziwa nyama zikuluzikulu asanaone ngakhale phazi la imodzi. Thengo lalikulu linasanduka minda ya cimanga, fodya ndi thonje, ndipo njobvu ndi mikango ziri kutali ku cigwa ca Luangwa, kumene boma linapatula malo osungiramo nyama m'caka ca 1938. Aphunzitsi amene atsalira mwanayo ndi awiri: nthano za agogo usiku, ndi zilombo za Gule Wamkulu pabwalo. Nkoyenera tsono kuwayesa aphunzitsi amenewa, ngati aphunzitsa zoona.

Nthano zathu nzokoma, ndipo palibe angakane luso lace. Nthano ya citsime cimene nyama zinakumba m'cilala, Kalulu nakana kugwira khasu, koma nabwera usiku kudzaba madzi kufikira Kamba anamgwira, inamangidwa bwino koposa: mlonda ali yense anyengedwa m'njira yace, ndipo womvera ayembekeza ndi mtima m'mwamba. Koma nyama za m'nthano imeneyi ndi anthu obvala zikopa. Njobvu ndi mfumu yocedwa kuganiza, Mkango ndi nduna yaukali, Kalulu ndi mnyamata waulesi wa lilime lakuthwa. Za kadyedwe, kagonedwe kapena kaberekedwe ka nyamazo mulibe kanthu.

Amene analakwiridwa koposa onse ndiye Fisi. M'nthano iye ndi wadyera, wamantha ndi wopusa, amene anang'ambika pamphambano pofuna kufika ku maphwando awiri nthawi imodzi. Kunja kwa nthano amchanso kavalo wa mfiti. Komatu Hans Kruuk, amene anakhala zaka akutsata afisi ku Serengeti ndi ku Ngorongoro m'dziko la Tanzania, nasindikiza buku lace m'caka ca 1972, anapeza kuti fisi wamawanga amadzisakira yekha cakudya cace cambiri, ndi kuti ku Ngorongoro kawirikawiri mkango ndiwo umalanda nyama yophedwa ndi afisi. Anthu ophunzira za nyama apezanso kuti wamkazi ndiye wamkulu thupi, ndipo ndiye atsogolera gulu. Mwini mbuzi amene khola lace linathyoledwa usiku adziwa bwino kuti mdani wace sali citsiru; koma madzulo omwewo asimbira adzukulu ace za Fisi wopusa, osaona kuti pakamwa pace patsutsana ndi khola lace.

Wina adzati nthano sinalinge kuphunzitsa za nyama, koma za makhalidwe a anthu. Nzoona, ndipo masiku a makolo panalibe bvuto, cifukwa mlenje ankakonza m'mawa zimene nthano inapotoza usiku. Lero mlenjeyo kulibe. Nyama imene mnyamata wa ku Chadiza aidziwa ndi maso ndi manja ndiyo mbewa: asiyanitsa kapuku ndi mende, adziwa una watsopano ndi wakale, ndipo pa zimenezi angaphunzitse mphunzitsi wace wa kusukulu. Pa za njobvu angobwereza za agogo.

Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamchula m'caka ca 2005 kuti ali pakati pa cuma copambana ca miyambo ya anthu, wacita bwino kuposa nthano pa mbali iyi. Za kudambwe sizilembedwa m'buku, koma zoonekera pabwalo ali yense aziona. Kasiyamaliro akatuluka pamaliro, ndi msana wace wopindika ndi kuzungulira kwace kofulumira, pamaoneka diso la anthu amene anapenyetsetsa nyama yamoyo ikudzidzimuka. Njobvu situluka wamba, koma pa zinthu zazikulu monga maliro a mfumu, ndipo iyenda mwa ulemu, anthu naipatukira. Pano nyama siisekedwa. Iopedwa monga mlendo wocokera kwa mizimu. Ngakhale ciri comweco, amene anaonera Kulamba ku Mkaika kwa Kalonga Gawa Undi adziwa kuti gule salekeza pa nyama: alandiranso zifaniziro za galimoto ndi zina za makono, pakuti amabvina zimene anthu aziona masiku ao.

Pali nyama imodzi imene aphunzitsi onse awiri saichula kawirikawiri, ndiyo ngaka. Kale woitola ankapita nayo kwa mfumu. Tsopano ogula mobisa aifunira mamba ace, ndipo lamulo la nyama la Zambia la 2015 liika zaka zosacepera zisanu m'ndende kwa wopezeka nayo. Mnyamata wotsiriza sukulu amene aipeza itadzipinda m'mbali mwa munda wamva za mtengo wace kwa anzace kumsika, koma za ngakayo, kuti imadya nyerere ndi ciswe, ndi kuti imabala mwana mmodzi yekha namnyamula pamcira, sanamve kwa agogo kapena pabwalo.